Momwe mungatsegulire nthambi ya fraternity kapena sorority yaing'ono ku America

Mukafika pa yunivesite ku America mudzaona ophunzira atavala majekete olembedwa zilembo za Chigiriki. Amenewo ndi a magulu a ubale, fraternity ya amuna ndi sorority ya akazi. Kwame Nkrumah, pulezidenti woyamba wa Ghana, naye analowa fraternity ya Phi Beta Sigma akuphunzira ku Lincoln University. Ngati gulu lomwe mwalikonda kulibe pasukulu panu, mutha kulibweretsa.

Yambani ndi kusonkhanitsa anzanu ofuna, omwe kumeneko amawatcha interest group. Apa ndiye pagona nkhani. Musangotengana a chaka chomaliza okhaokha chifukwa choti mumagwirizana. Gulu la anthu asanu ndi atatu, asanu akamaliza maphunziro mu Meyi, limatsala ndi atatu oti agawane udindo wa wapampando, mlembi ndi msungichuma, kwinaku akulemba mayeso. Nthambi zazing'ono zimafa motero. Funani a chaka chachiwiri, ndiponso onani magiredi awo msanga, poti magulu ambiri salandira munthu wosafika GPA (avareji ya magiredi) ya 2.5 pa 4.0.

Mukatero lemberani likulu la gululo. Fufuzaninso bungwe lalikulu lomwe gululo lili pansi pake. Magulu asanu ndi anayi oyambitsidwa ndi anthu akuda, monga Alpha Phi Alpha ya 1906 ndi Alpha Kappa Alpha ya 1908, ali mu National Pan-Hellenic Council, ndipo ena ang'onoang'ono ali mu National Multicultural Greek Council.

Kenako pitani ku ofesi ya pasukulu yoyang'anira maguluwa. Kawirikawiri amafuna malamulo a gulu, mayina a mamembala, mlangizi komanso umboni wa inshulansi. Sukulu zina zimatsegula khomo nthawi yoikika yokha, choncho funsani musanasindikize malaya.

Akavomera simukhala nthambi yeniyeni nthawi yomweyo. Mumayamba mwayesedwa kaye, ena amati colony, mpaka mutaonetsa kuti mumasonkha ndalama, mumagwira ntchito zachifundo ndiponso chiwerengero chanu chikukwera. Likulu likakhutira limakupatsani chikalata chotchedwa charter.

Za kuzunza olowa kumene, zomwe amati hazing, musayerekeze n'komwe. Mu Disembala 2024 Pulezidenti Joe Biden anasainira lamulo la Stop Campus Hazing Act, lokakamiza masukulu kuulula milandu yotere poyera, pamodzi ndi dzina la gulu lopezeka lolakwa.