Kukweza Puppet kuchoka pa 7 kufika pa 8 ndi kulowetsa ma VM atsopano

Puppet ndi pulogalamu yokonzera makompyuta ambiri kuchokera pa seva imodzi, kudzera mwa agent, kapulogalamu kokhala pa makina aliwonse. Yambani ndi seva. Koperani /etc/puppetlabs yonse ndi kuisunga kwina, makamaka /etc/puppetlabs/puppetserver/ca, momwe muli kiyi yomwe seva imasainira ma satifiketi a makina, chifukwa foda imeneyi ikatayika makina onse ayenera kusainidwanso limodzilimodzi. Puppet Server 8 sayenda pa Java 8, choncho ikani Java 17. Kwezani Puppet Server ndi PuppetDB (database ya Puppet), ma agent abwere pambuyo. Seva ikakana kudzuka, werengani /var/log/puppetlabs/puppetserver/puppetserver.log, kawirikawiri vuto ndi RAM, popeza imafuna 2 GB yakeyake.

Chosokoneza mutu n'chakuti makina akale amayenda bwinobwino, koma VM (virtual machine) yatsopano n'kugwa ndi uthenga wa "Unknown variable: '::osfamily'". Musathamangire kuimba mlandu VM. Yakhala ndi agent wa Puppet 8, amene anatuluka mu 2023, ndipo iye satumizanso ma fact (zomwe agent amauza seva za makinawo) akale monga osfamily, fqdn ndi ipaddress. Seva ya 8 nayo silekerera variable yosadziwika: imaimitsa catalog yonse, yomwe ndi mndandanda wa zomwe agent ayenera kukonza pa makinawo. Makina akale akupulumuka chifukwa akadali ndi agent wa 7. Fufuzani ndi grep -rn '\$::' /etc/puppetlabs/code, ndipo pamene pali $::osfamily lembani $facts['os']['family']. Mu hiera.yaml ndi m'ma template a khodi ya Puppet namo muyang'anemo, anthu ambiri amaiwala kumeneko. Kuika include_legacy_facts = true mu puppet.conf ya agent kumakupatsani mpata wopumira, koma khodiyo ikonzedwe ndithu.

VM yokopedwa kuchokera ku template (VM yachitsanzo yomwe mumakoperako ena) imabwera ndi dzina ndi kiyi za inzake, ngati munthu woyenda ndi chiphaso cha m'bale wake. Musanaitseke template, chotsanimo /etc/puppetlabs/puppet/ssl ndi mzere wa certname mu puppet.conf. Pa VM yatsopano ikani hostname kaye, onetsetsani kuti chrony, pulogalamu yolunzanitsa nthawi, yakonza wotchi ndiponso kuti port 8140 ndi yotsekula, kenako lembani puppet ssl bootstrap kuti VM ipemphe satifiketi ku seva. Pa seva onani pempholo ndi puppetserver ca list, kenako sainani ndi puppetserver ca sign --certname dzina.

"Certificate is not yet valid" ndi vuto la wotchi, kawirikawiri yotsalira. Uthenga wonena kuti satifiketi sikugwirizana ndi kiyi umabwera mukamanganso VM ndi dzina lakale: seva ikusungabe satifiketi yakale. Fufutani mbali zonse ziwiri, puppetserver ca clean --certname dzina pa seva ndi puppet ssl clean pa VM, ndipo mupemphenso. Ikadandaula za dzina la seva, ndiye kuti lomwe mwalemba pa mzere wa server mu puppet.conf silili pa satifiketi ya sevayo.

Musagonjere chiyeso cha autosign = true, yomwe imasaina pempho lililonse yokha. Aliyense wofika pa port 8140 angatenge catalog, ndi ma password omwe. Satifiketi ikasainidwa, yesani puppet agent -t --noop kuti muone zomwe zisinthe, chifukwa agent akangoyatsidwa amadziyendera yekha mphindi 30 zilizonse.