Kuyendera matchalitchi ndi zipilala zakale za ku Perugia uku mukuphunzira Chitaliyana

Wophunzira pa Università per Stranieri (yunivesite yophunzitsa alendo Chitaliyana) mumzinda wa Perugia ku Italy sachita kupita kutali kuti aone zakale, pakuti nyumba ya yunivesiteyi, Palazzo Gallenga, inayandikana ndi chipata cha Arco Etrusco chimene chinamangidwa zaka zoposa 2,200 zapitazo. Kuti maulendo otere athandize maphunziro anu, muziyendera malo amodzi pa tsiku, muzitenga kapepala kofotokoza malowo ka m'Chitaliyana ngakhale ka Chingelezi katakhalapo, ndipo muzibwererako pakapita milungu ingapo kuti muone zimene tsopano mukutha kumva.

Matchalitchi ambiri amatsekedwa dzuwa likafika paliwombo n'kudzatsegulidwanso cha m'ma 3 kapena 4 koloko, choncho werengani nthawi zolembedwa pakhomo musanakonze ulendo. Valani zovala zobisa mapewa ndi mawondo, chifukwa m'matchalitchi ena akuluakulu olondera amabweza munthu pakhomo pomwepo.

Yambani ndi kasupe wa Fontana Maggiore pabwalo la Piazza IV Novembre, amene anamalizidwa mu 1278 ndipo anasemedwa ndi Nicola Pisano pamodzi ndi mwana wake Giovanni. Pamiyala yozungulira m'munsi mwake anasemapo miyezi ya chaka ndi ntchito zake: kudula tirigu, kupuntha, kuthyola mphesa, mpaka kupha nkhumba mu Disembala. Zungulirani pang'onopang'ono muli ndi kope, lembani chiganizo chimodzi pa mwezi uliwonse chonena amene akugwira ntchito ndi chimene wanyamula, ndipo m'mawa mwake mupereke kwa aphunzitsi kuti akukonzereni. Ndikuona kuti phunziroli limakhazikika kuposa la m'buku, makamaka kwa munthu amene anakulira kumunda ndipo ntchitozo akuzidziwa kale.

Pabwalo lomwelo pali tchalitchi chachikulu cha San Lorenzo. Ngati ndinu Mkatolika, khalani nawo pa Misa ya Lamulungu, chifukwa dongosolo lake ndi lomwe mumalidziwa kwanu, ndipo khutu limagwira msanga mawu atsopano pamene mutu ukudziwa chimene chikubwera. Mwambo uli mkati musamayendeyende kapena kujambula.

Tsiku lina lowani m'linga lakale la Rocca Paolina. Mu 1540 anthu a ku Perugia anaukira msonkho wa mchere, ndipo iwo atagonja, Papa Paulo III analamula kuti linga limeneli limangidwe pamwamba pa nyumba za banja la Baglioni ndi za oyandikana nawo. Misewu imene inakwiriridwayo ilipobe, ndipo lero anthu amadutsamo pa masitepe oyenda okha popita pakati pa mzinda. Eni mzinda amati buledi wawo wopanda mchere anayambira pa mkangano umenewu, ndipo kufunsa wogulitsa buledi za nkhaniyi ndi njira yabwino yoyambira kucheza.

Loweruka pitani ku Assisi pa sitima, ulendo wa pafupifupi theka la ola. Ngati tikiti yanu ndi yapepala, idindeni pamakina a pasiteshoni musanakwere kuti musalipitsidwe chindapusa. Siteshoni ili m'munsi mwa phiri, ku Santa Maria degli Angeli, ndipo basi ndi imene imakweza anthu kumtunda. Tchalitchi cha Fransisko Woyera chinayamba kumangidwa mu 1228, patapita zaka ziwiri iye atamwalira, ndipo m'chigawo chake chapamwamba muli zithunzi 28 zapakhoma zosimba moyo wake, zimene ambiri amati anajambula ndi Giotto. Popeza kujambula ndi foni n'koletsedwa mkatimo, werengani mbiri ya Fransisko m'Chitaliyana chosavuta usiku woti mawa ndi ulendo, kuti chithunzi chilichonse mukachizindikire n'kuchilemba m'kope mwanu.

Galleria Nazionale dell'Umbria, imene ili m'nyumba ya Palazzo dei Priori, muisungire Lamulungu loyamba la mwezi, pamene malo a boma osungira zinthu zakale amalowetsa anthu ulere.