Kupanga siteshoni yaing'ono ya sitima yofanana ndi yeniyeni: yambirani pa tikiti

Ku Britain kuli anthu ambiri, ena mwa iwo achikulire a imvi zawo, amene amathera madzulo awo akumanga njanji zing'onozing'ono pathabwa, n'kumayendetsapo masitima amagetsi aatali ngati chikhatho. Ena amakhutira sitimayo ikamazungulira basi, ndipo palibe cholakwa pamenepo. Koma alipo ena amene safuna chidole. Iwo amafuna kuti munthu amene anaimapo pa siteshoni yeniyeniyo akaona ntchito yawo anene kuti ndi pomwepo ndithu. Malangizo awa ndalembera anthu a gulu lachiwirili, ndipo mfundo yanga yaikulu ndi yakuti musatulutse ndalama kugula injini, bogi kapena njanji musanasankhe malo amodzi ndi chaka chimodzi. Chinthu chimene chimakuthandizani kugwira chakacho molimba ndi tikiti imene apaulendo ankagula pawindo la siteshoniyo.

Kuti nkhaniyi isakhale ya m'malere, titenge siteshoni ya Ashburton m'chigawo cha Devon, m'chilimwe cha 1955. Njanji yochoka ku Totnes, yodutsa pa Staverton ndi Buckfastleigh mpaka kukathera pa Ashburton, inatsegulidwa mu 1872, ndipo inali ya makilomita pafupifupi 15. Poyamba inali yotakata kwambiri, ya mamilimita 2140 pakati pa zitsulo ziwirizo, kufikira mu 1892 pamene anaichepetsa kuti ifanane ndi njanji zina za dzikolo, zimene ndi za mamilimita 1435. Masitima a anthu analeka kuyendapo mu 1958, ndipo a katundu analeka mu 1962. Lero gawo la pakati pa Totnes ndi Buckfastleigh likuyendabe monga South Devon Railway, pamene gawo lopita ku Ashburton linakwiriridwa ndi msewu wa A38. Siteshoniyi imakondedwa ndi omanga njanji zing'onozing'ono chifukwa inali yaing'ono, inali ndi denga lamatabwa lophimba pulatifomu ndi njanji yomwe, inali ndi nyumba yogonekamo injini ndi ina yosungiramo katundu, ndiponso sitima yake ya masiku onse inali kainjini kamalasha ka mtundu wa 14xx kokoka bogi imodzi kapena ziwiri. Zonsezi zimakwana pathabwa losatalika kwambiri, kuphatikizapo kathabwa kena kobisika kosungirapo masitima amene tikuwayesa kuti apita ku Totnes.

Mukasankha malo, chotsatira ndi sikelo, ndipo apa m'pamene ambiri amakhumudwa atagula kale zinthu. Sikelo yofala ku Britain imatchedwa OO, imene imachepetsa chinthu chilichonse ka 76, kapena kuti mamilimita 4 amaimira futi imodzi. Makampani monga Hornby ndi Bachmann amapanga zinthu zawo zambiri pa sikelo imeneyi. Vuto lake ndi lakuti njanji ya OO ndi ya mamilimita 16.5, pamene masamu akusonyeza kuti mamilimita 1435 mukawagawa ndi 76.2 mumapeza 18.83. Chinachitika n'chakuti kalelo, pamene zinthuzi zinkayamba kupangidwa, timainjini tamagetsi sitinkakwana m'matupi a masitima a ku Britain pa sikelo ya HO, imene imachepetsa ka 87, motero opanga anakulitsa thupi la sitima n'kusiya njanji mmene inalili. Chifukwa chake sitima ya OO mukaiyang'ana chakumaso imaoneka ngati munthu wonenepa wa miyendo yothinana. Amene zimawasowetsa mtendere amamanga okha njanji ya EM, ya mamilimita 18.2, kapena ya P4, ya mamilimita 18.83, ndipo amasinthanso mawilo a injini ndi a bogi iliyonse. Kwa munthu woyamba kumene, ine ndimalangiza kukhala pa OO, koma kusankha njanji ya zitsulo zazifupi yotchedwa Code 75 m'malo mwa Code 100, monga imene amapanga a Peco a ku Beer, ku Devon komweko. Ikani thabwalo pamwamba ndithu, chapafupi ndi maso, kuti owonera aziliona cha m'mbali, pakuti kuthinana kwa njanji kumaonekera kwambiri munthu akamayang'ana kuchokera pamwamba kapena kutsogolo.

Wowerenga wina angafunse ngati njanji yomweyo ingagwire ntchito pomanga siteshoni ya Limbe, Balaka kapena Salima. Yankho lili m'masamu omwewo. Njanji za ku Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa ndi za mamilimita 1067, choncho pa sikelo ya HO zimafuna njanji ya mamilimita 12, ndipo pa sikelo ya S, imene imachepetsa ka 64, njanji ya mamilimita 16.5 imakhala yolondola pafupifupi ndendende. Njira yachiwiriyi ndi imene ambiri amatsata ku New Zealand, kumene njanji zawo ndi zofanana ndi zathu. Masitima akewo muyenera kudzipangira nokha, ndipo tepi yoyezera pamodzi ndi ulendo wokaona injini yakale yamalasha imene ili pabwalo la nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Chichiri zingakuthandizeni kuposa sitolo iliyonse.

Tibwerere ku Ashburton, tifike pa tikiti. Tikiti imene munthu ankagula kumeneko mu 1955 inali kakatoni kolimba ka mamilimita pafupifupi 57 m'litali ndi 31 m'lifupi, kotchedwa dzina la Thomas Edmondson, mmisiri wa matabwa amene bizinesi yake itagwa anakagwira ntchito pa siteshoni ina yaing'ono ya Newcastle and Carlisle Railway cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1830. Nthawi imeneyo kalaliki ankalemba tikiti iliyonse pamanja, zimene zinkachedwetsa anthu ndiponso zinkapereka mpata wosowetsa ndalama. Edmondson anaganiza zosindikiziratu matikiti, iliyonse ndi nambala yake motsatana, n'kuwasanja m'kabati ya timipata, mpata uliwonse wa siteshoni yake ndi kalasi yake. Kalaliki ankasolola tikiti ya pansi pa mulu, n'kulowetsa nsonga yake m'kamakina kachitsulo kamene kankadindapo tsiku ndi kaphokoso kodziwika bwino. Madzulo ankangoyerekeza nambala imene yatsala ndi imene anayambira m'mawa, ndipo ndalama zoyenera kupezeka m'kabati zinkadziwika pomwepo. Njira imeneyi inafalikira m'dziko lonselo pambuyo pa 1842, ndipo British Rail inaisiya mu 1990, ngakhale njanji zambiri zosungidwa monga chikumbutso zikuigwiritsabe ntchito.

Chifukwa chimene ndikuumirira pa kakatoni kameneka ndi chakuti mawu ochepa olembedwapo amakuuzani zimene muyenera kugula ndi zimene muyenera kuzisiya m'sitolo. Pezani chithunzi cha tikiti ya m'dera limenelo, kapena gulani yeniyeni kwa anthu otolera matikiti akale, ndipo muyambe kuwerenga pamwamba. Njanji za ku Britain zinalowa m'manja mwa boma pa 1 Januwale 1948, choncho dzina la Great Western Railway, kampani imene inali mwini wa njanji ya ku Ashburton, linayamba kuchoka pa matikiti atsopano. Yosindikizidwa m'ma 1955 imakhala ndi dzina la British Transport Commission, bungwe la boma limene linkayang'anira njanji nthawiyo, ndipo ikakhala ndi dzina la British Railways Board ndiye kuti ndi ya 1963 kapena pambuyo pake, pamene Ashburton inali itatsekedwa kale. Chachiwiri yang'anani kalasi. Mpaka pa 3 Juni 1956 anthu wamba ankakwera kalasi yachitatu, ndipo kuyambira tsikulo kalasi yomweyo inayamba kutchedwa yachiwiri. Chachitatu ndi mtengo, umene uyenera kukhala m'mashileni ndi mapeni akale, chifukwa ndalama zatsopano zinayamba pa 15 Febuluwale 1971.

Chaka cha 1956 chimenechi ndi mpanda weniweni, pakuti zinthu zingapo zinasinthira pamodzi. Chizindikiro cha pambali pa injini, chimene kufikira nthawiyo chinali mkango woimirira pamwamba pa wilo, chinalowedwa m'malo ndi china cha mkango wotuluka m'chisoti chachifumu utanyamula wilo. Mabogi amene anali ofiira, kapena ofiira pansi ndi oyererako pamwamba, anayamba kupakidwa penti yofiira moderako. Tsono ngati tikiti yanu ikunena kalasi yachitatu, ndipo inu mwati chaka chanu ndi 1955, injini ya chizindikiro chatsopano ilibe malo pathabwa lanu, ngakhale itakongola chotani. Lamuloli limagwira mbali imodzi yokha, ndipo apa m'pofunika nzeru. Chinthu chatsopano sichingaoneke chaka chake chisanafike, koma chakale chimatha kukhalitsa. Injini sizinkapakidwa penti zonse tsiku limodzi, ndipo matikiti osindikizidwa m'nthawi ya Great Western opita kumalo kumene anthu sankapitako kawirikawiri anakhala m'makabati zaka zambiri boma litatenga kale njanji. Choncho benchi ya zilembo za kampani yakale kapena chikwangwani chakale chachitsulo n'zololedwa mu 1955, ndipo kunena zoona ndi zimene zimachititsa malowo kuoneka okhalamo anthu.

Pomanga nyumba ya siteshoni, musadalire makatoni ogula okonzeratu, chifukwa ambiri amaimira siteshoni ya paliponse, imene ndi siteshoni yosapezeka kulikonse. Sonkhanitsani zithunzi zakale ndi mapu akale a Ordnance Survey, bungwe lojambula mapu la ku Britain, ndipo pamene mulibe muyeso werengani zinthu zimene kukula kwake mukukudziwa, monga chitseko kapena munthu woimirira pambali pake. Munthu wamkulu pa sikelo ya OO ndi wa mamilimita 22 kapena 23, ndipo pulatifomu isapitirire mamilimita 12 kuchokera pamwamba pa chitsulo cha njanji. Dulani makoma pa katoni yolimba kapena pulasitiki yopyapyala, yesani kaye popanda guluu, ndipo yendetsani bogi yanu yaitali kwambiri pansi pa dengalo musanamatire chilichonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo denga lomatidwa mothamanga limakola chumuni cha injini tsiku loyamba lomwe. Zikwangwani za chigawo cha njanji za boma chotchedwa Western, m'mene munali Ashburton, zinali zofiirira ngati chokoleti ndi zilembo zoyererako, ndipo mikono ya zizindikiro zoimitsa sitima m'chigawochi inkagwera pansi polola sitima kudutsa, osati kukwera m'mwamba monga zinkakhalira m'zigawo zina zambiri.

Tikiti yeniyeniyo simungaipange pa sikelo, chifukwa mamilimita 57 mukawachepetsa ka 76 satsala ngakhale milimita imodzi. Chimene mungapange ndi zonse zoizungulira. Boolani kawindo kakang'ono kogulitsirapo, ikani kabati ya timipata kukhoma la mkati pogwiritsa ntchito kachidutswa ka pulasitiki kokandidwa mizere ndi mpeni, ndipo muyatsemo kababu kofooka kuti zionekere pawindo lakunja. Pa siteshoni yaing'ono chonchi antchito anali ochepa, motero munthu mmodzi woimirira pakhomo lotulukira, dzanja lili lotambasula polandira matikiti, ndi wokwanira. Musadzaze pulatifomu ndi khamu. Njanji imeneyi inasiya kunyamula anthu patangopita zaka zitatu, ndipo anthu anayi kapena asanu odikira sitima amanena zoona kuposa makumi atatu.

Gawo limene ine ndimalikonda kwambiri ndi kusindikiza matikiti a kukula kwenikweni oti alendo azigwira m'manja. Konzani pa kompyuta timabokosi ta mamilimita 57 ndi 31, mulembemo dzina la bungwe pamwamba, mayina a masiteshoni awiri pakati, kalasi ndi mtengo pansi pake, ndi nambala ya manambala anayi m'mbali zonse ziwiri, kuyambira 0000. Sindikizani pa pepala lobiriwira ngati ndi kalasi yachitatu ndi loyera ngati ndi kalasi yoyamba, kenako mumate pa katoni kuti tikitiyo ilimbe. Ya ulendo wopita ndi kubwera ikhale ndi mzere pakati, popeza woyang'anira ankang'amba theka lopita n'kumusiyira mwini wake theka lobwerera. Chidindo cha tsiku cha mu ofesi chimakwanira m'malo mwa makina a Edmondson, bola chikhale ndi lamba wa chaka amene mungamusinthe, apo ayi lembani chakacho pamanja. Mtengo muutenge pa tikiti yeniyeni kapena pa chithunzi chake, osati m'mutu, ndipo kumbuyo kwake mulembe kuti ndi yongoyerekeza, kuti tsiku lina isadzasokoneze otolera matikiti.

Matikitiwa amasinthanso kayendetsedwe ka sitima pathabwa. Mukapeza ndandanda ya nthawi ya chilimwe cha 1955, yendetsani masitima motsatira iyo, ndipo mlendo amene wagula tikiti ya ku Buckfastleigh adikire nthawi yake monga ankadikirira apaulendo enieni. Pa njanji ya mzere umodzi woyendetsa sitima sankanyamuka wopanda ndodo kapena kachitsulo kosonyeza kuti gawo limenelo ndi lake yekha, ndipo pa njanji zina za mtunduwu, masitima awiri akamatsatana kulowera mbali imodzi, woyendetsa woyamba ankangoonetsedwa ndodoyo n'kupatsidwa tikiti yakeyake yomuloleza kupita, ndodo n'kutsalira wachiwiri. Inunso dulani kandodo kathabwa, mulembepo mayina a Ashburton ndi Buckfastleigh, ndipo amene alibe kandodoko m'manja asakhudze chowongolera magetsi, ngakhale atakhala mwini nyumba.