Momwe mungasankhire ampulifaya ndi waya wa masipika a sinema ya kunyumba

Anthu ambiri akafuna kuti filimu kapena mpira wa pa wailesi yakanema uzimveka mwamphamvu pabalaza, amayamba n'kugula ampulifaya yomwe pabokosi pake palembedwa mawati ochuluka, kenako amalumikiza masipika ndi waya aliyense amene ampeza m'nyumba. Ndondomeko yoyenera imayambira kwina: masipika ndi kukula kwa chipinda ndizo zimakuuzani ampulifaya yoti mugule, ndipo mtunda wochoka pa ampulifaya kukafika pa sipika iliyonse ndiwo umakuuzani kukhuthala kwa waya.

1. Werengani zimene zalembedwa kumbuyo kwa masipika

Pali manambala awiri amene muyenera kuwakopera papepala musanapite kusitolo. Yoyamba ndi impedance, kutanthauza mmene sipika imakanizira magetsi, imene imayezedwa mu ma ohm, ndipo masipika ambiri a m'nyumba amakhala a 8, 6 kapena 4 ohm. Nambalayi ikakhala yochepa, sipika imakoka magetsi ambiri ku ampulifaya, moti sipika ya 4 ohm imatenthetsa msanga ampulifaya imene inapangidwira masipika a 6 mpaka 16 ohm okha. Kumbukiraninso kuti mukalumikiza masipika awiri a 8 ohm pa malo amodzi, zofiira pamodzi ndi zakuda pamodzi, ampulifaya imaona ngati mwaika sipika imodzi ya 4 ohm.

Nambala yachiwiri ndi sensitivity, yomwe imasonyeza kukwera kwa mawu amene sipika imatulutsa ikapatsidwa wati imodzi, munthu ataima mita imodzi kuchoka pa iyo, ndipo imayezedwa mu ma decibel (dB). Sipika ya 91 dB imafuna theka chabe la mphamvu imene sipika ya 88 dB imafuna kuti zimveke mofanana, chifukwa kukweza mawu ndi 3 dB kumafuna kuwirikiza mawati kawiri.

Ngati masipika anu anabwera m'bokosi limodzi ndi makina a DVD, samalani kwambiri, pakuti ambiri oterowo ndi a 3 ohm ndipo anapangidwira makina awo okhawo.

2. Sankhani ampulifaya molingana ndi masipika ndi chipinda

Ampulifaya ya sinema ya kunyumba, imene m'masitolo amaitchula kuti AV receiver, imalandira mawu ndi zithunzi kuchokera ku dekoda, kompyuta kapena makina a masewero, n'kugawa mawuwo ku masipika. Ikalembedwa 5.1, ndiye kuti imayendetsa masipika asanu, awiri akutsogolo, imodzi yapakati imene imatulutsa zolankhula za anthu mufilimu ndi awiri am'mbali, kuphatikizapo subwoofer imodzi ya besi. Ya 7.1 imawonjezera awiri akumbuyo, ndipo ya 5.1.2 ya Dolby Atmos imawonjezera awiri akudenga. Pabalaza wamba, makamaka pomwe mpando watsamira khoma lakumbuyo, 5.1 ndi yokwanira, ndipo ndalama yotsala ndi bwino kuiika pa sipika yapakati yabwino.

Nkhani ya mawati ndiyo imasocheretsa ogula ambiri. Zilembo zakuti PMPO, zimene zimatsagana ndi manambala a mawati masauzande pa mabokosi a zipangizo zotchipa, musaziwerengere n'komwe, popeza palibe muyezo umodzi wovomerezeka umene makampani onse amatsata pozilemba. Chimene mukufuna ndi mphamvu yokhazikika, imene imalembedwa kuti RMS kapena continuous, yoyezedwa pa 8 ohm, kuyambira pa besi yakuya ya 20 Hz mpaka pa mawu opyapyala kwambiri a 20 kHz, masipika awiri akulira nthawi imodzi, ndipo kupotoka kwa mawu kumene amalemba kuti THD kukhale pansi pa 0.1 peresenti. Makampani odziwika monga Denon, Yamaha, Marantz ndi Onkyo amaika nambala yotereyi m'mabuku a malangizo, ngakhale kuti pa zotsatsa malonda pamaoneka ina yokulirapo, yoyezedwa sipika imodzi yokha ikulira. Njira ina yachidule ndiyo kuyang'ana kumbuyo kwa makina pamene palembedwa magetsi amene amadya: chipangizo chimene chimadya mawati 100 kuchokera pakhoma sichingapereke mawati 3,000 mosalekeza ku masipika.

Kodi mawati okwanira ndi angati? Sipika ya 88 dB ikapatsidwa mawati 10 imafika pa 98 dB pa mtunda wa mita imodzi, ndipo amenewo ndi mawu okwera kale kwambiri m'nyumba. Choncho mawati 50 mpaka 80 enieni pa sipika iliyonse amakwanira pabalaza pomwe owonera amakhala mamita atatu kapena anayi kuchoka pa wailesi yakanema. Kusiyana kwa ampulifaya ya mawati 80 ndi ya mawati 100 sikufika ngakhale 1 dB, ndiye si chifukwa chowonjezerera ndalama. Komabe ampulifaya yochepa mphamvu ili ndi ngozi yake, chifukwa ikakwezedwa mopyola malire imayamba kuphwanya mawu, ndipo mawu ophwanyikawo amatha kuwotcha timasipika ting'onoting'ono ta mawu opyapyala, totchedwa tweeter.

Musanalipire, onani zinthu zina ziwiri. Pakhale malo olowetsera HDMI okwanira zipangizo zanu zonse, ndipo malo a HDMI opita ku wailesi yakanema (HDMI Out) akhale a ARC kapena eARC kuti mawu a Netflix kapena YouTube ochokera mu wailesi yakanema azibwerera ku ampulifaya kudzera pa chingwe chimodzi. Chinanso, chimene chimakhudza kwambiri ogula katundu wogwiritsidwapo kale ntchito wochokera kunja, ndi mphamvu ya magetsi. Kuno ku Malawi magetsi a m'nyumba ndi a 230 V, pomwe makina opangidwira msika wa ku United States ndi a 120 V ndipo a ku Japan ndi a 100 V. Makina otere akalumikizidwa pakhoma popanda thiransifoma yotsitsa mphamvu amapsa, ndipo adaputala yongosintha mano a pulagi sithandiza chilichonse.

3. Yezani mtunda, kenako gulani waya

Tengani chingwe ndipo muchiyendetse njira yeniyeni imene waya adzadutse, m'mphepete mwa khoma, pamwamba pa chitseko kapena m'siling'i, ndipo mukachiyeza muwonjezere mita imodzi. Masipika am'mbali nthawi zambiri amadya waya wochuluka kuposa mmene diso limaganizira.

Waya aliyense amakaniza magetsi pang'ono, ndipo akakhala wautali komanso wowonda amakaniza kwambiri. Lamulo limene akatswiri ambiri amatsata ndi lakuti kukaniza kwa waya kusapitirire 5 peresenti ya impedance ya sipika. Tikawerengera ndi waya wa mkuwa weniweni, wokhuthala 0.75 mm² amafika pafupifupi mamita 8 pa sipika ya 8 ohm, wa 1.5 mm² amafika mamita 17, ndipo wa 2.5 mm² amafika pafupifupi mamita 29. Sipika ikakhala ya 4 ohm, mitunda yonseyi muidule pakati. Mukapeza waya wolembedwa mu AWG, muyezo wa ku America wa kukhuthala kwa waya, dziwani kuti nambala yaing'ono ndiyo ya waya wokhuthala: 16 AWG ndi pafupifupi 1.3 mm², 14 AWG ndi 2.1 mm², ndipo 12 AWG ndi 3.3 mm². M'nyumba zambiri 1.5 mm² amakwanira masipika akutsogolo, ndipo 2.5 mm² amathetsa nkhawa pa akutali.

Chimene ndikufuna kutsindika kwambiri ndi chitsulo chimene chili m'kati mwa waya. Pamsika pali waya wambiri wotchedwa CCA, yemwe ndi aluminiyamu wokutidwa ndi mkuwa kunja kokha. Amaoneka ngati mkuwa, koma amadutsitsa magetsi pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mkuwa weniweni, ndiponso amathyoka msanga akamapindidwa. Pemphani wogulitsa kuti adule kachidutswa, ndipo mupale timawaya take ndi mpeni: m'kati mukaoneka moyera ngati siliva, ameneyo ndi CCA. Ngati ndi yekhayo amene alipo, gulani wokhuthala kuposa amene munawerengera. Musanyengedwenso ndi pulasitiki wokhuthala wobisa timawaya tochepa. Koma mawaya okwera mtengo kwambiri, otsatsidwa ndi mayina apamwamba, sawonjezera kanthu kamene khutu lingamve pa mitunda ya m'nyumba ngati kukhuthala kwa mkuwa kuli kofanana.

Subwoofer yokhala ndi ampulifaya yakeyake silumikizidwa ndi waya wa sipika. Imafuna chingwe cha RCA chochokera pamalo olembedwa Sub Out, komanso soketi yake ya magetsi.

4. Lumikizani mosamala

Zimitsani ampulifaya ndi kuichotsa pakhoma. Sendani pulasitiki pafupifupi sentimita imodzi, potani timawaya kuti tigwirane, ndipo onetsetsani kuti palibe kamodzi komwe kakukhudza malo oyandikana nawo, chifukwa kawaya kamodzi kokha kamakwanira kuchititsa shoti n'kuzimitsa makina. Mbali ya waya yokhala ndi mzere kapena zilembo muiike pa chofiira, cholembedwa +, ku ampulifaya ndi ku sipika komwe, ndipo muchite chimodzimodzi pa masipika onse. Waya wa sipika imodzi akatembenuzidwa, besi imachepa ndipo mawu samveka kuti akuchokera pakati. Mukakayikira pa waya amene wadutsa kale m'khoma, muchotseni ku ampulifaya ndi kumugunditsa mwachidule pa batire la 1.5 V: mbale yaikulu yozungulira ya kutsogolo kwa sipika ikasunthira kunja, mbali imene yakhudza + ya batire ndiyo ya chofiira.

Waya wodutsa m'siling'i muikeni m'paipi ya pulasitiki kuti makoswe asamutafune, ndipo asayende mtunda wautali atagundana ndi mawaya a magetsi a m'nyumba. Ampulifaya ikhale pamalo opita mphepo, pamwamba pake pasaikidwe dekoda kapena nsalu, ndipo ilumikizidwe kudzera pa surge protector yoiteteza magetsi akazima n'kubweranso mwadzidzidzi.

Zonse zikatha, ikani maikolofoni imene imabwera ndi ampulifaya pamalo pomwe mumakhala, mofanana ndi kutalika kwa makutu anu, ndipo yendetsani pulogalamu yoyezera chipinda, imene pa Denon ndi Marantz imatchedwa Audyssey pomwe pa Yamaha ndi YPAO. Ikamaliza, lowani pa zosintha za masipika, ndipo ngati muli ndi subwoofer, muwaike onse pa Small ndi crossover, malire pomwe besi imapatukira ku subwoofer, pa 80 Hz, kapena kupitirirapo ngati masipikawo ndi aang'ono kwambiri, kuti besi yolemera inyamulidwe ndi subwoofer ndipo ampulifaya isunge mphamvu yake pa mawu otsalawo.