Kudzutsa MGB Roadster yakale: bambo ndi mwana wawo wamkazi ayambire pati?

Galimoto yakhala zaka osayenda. Yambani ndi dzimbiri, injini idikire.

1. Gogodani zitsulo za pansi pa zitseko. Galimotoyi ilibe denga lachitsulo, choncho zitsulozi ndizo zimagwira bodi yonse. Ngati zadyeka, wotcherani zitsulo zopingasa pakhomo la chitseko musanadule. Mukapanda kutero, bodi imapindika pakati, zitseko osatsekekanso.

2. Mwana ajambule chilichonse chisanamasulidwe, mabawuti aziikidwa m'timatumba tolembedwa.

3. Chotsani mapulagi, thirani oyilo pang'ono mu silinda iliyonse, agone usiku. M'mawa zungulizani injini ndi sipanala, osati ndi kiyi.

4. Tayani petulo wakale, tsukani thanki ndi makabuleta awiri a mtundu wa SU. Oyilo ndi 20W-50. Mpata wa mapoyinti (tizitsulo ta m'kachipangizo kogawa moto kumapulagi) ndi inchi 0.015, wa mapulagi 0.025.

5. Samalani batire: m'galimoto zopangidwa mpaka chakumapeto kwa 1967, waya wa pozitivi ndiwo umapita kubodi.

6. Sinthani mapaipi onse a labala a mabuleki, thirani mafuta a mabuleki a mtundu wa DOT 4. Mwana aponde buleki, bambo atsegule vavu kuti mpweya utuluke.

Tenti ya denga ikani pomaliza, dzuwa likuswa mtengo, kuti ikokeke bwino.