Ikani mapaipi a intaneti pulasitala asanayambe

Nyumba yanga ya ku Lumbadzi itafoleredwa malata, wa zamagetsi anandifunsa malo oika masoketi. Nditamuuza kuti ndikufunanso mapaipi apadera a zingwe za intaneti, anaseka. "Bwana, masiku ano zonse ndi Wi-Fi." Koma ine ndinali nditakhala zaka zinayi m'nyumba ya lendi, rauta (kabokosi kofalitsa intaneti m'nyumba) ili pabalaza, kuchipinda foni ikungozungulira osatsegula kanthu. Makoma athu ndi a njerwa zootcha kapena mabuloko, opakidwa simenti mbali zonse. Wi-Fi ya 5 GHz ndi yothamanga, koma ikaboola makoma awiri otere imafika ili wefuwefu. Ya 2.4 GHz imapita patali, kungoti ndi yochedwa ndipo imalimbana ndi ya aneba.

Ndiye ndinagawa motere: chosasuntha, monga TV, kompyuta ya pa desiki ndi makamera, chilandire chingwe. Wi-Fi itsalire mafoni ndi malaputopu.

Yambani ndi kusankha malo amodzi pomwe zingwe zonse zikakumane. Kwanga ndi kasitolo ka m'kolido, pashelefu yam'mwamba, pouma, pali soketi yakeyake. Rauta ndi switch (kabokosi kogawa intaneti ku zingwe zonse) zimakhala pamenepo. Chipinda chilichonse chikhale ndi chingwe chake chochokera apo. Musalole kuti azilumikize chipinda ndi chipinda monga amachitira ndi mawaya a masoketi.

Nkhani yaikulu ili pa mapaipi. Gulani a PVC a 25mm, chifukwa a 20mm amathina mukafuna kudutsamo zingwe ziwiri. Makona akhale ochepa, opindika mofatsa, ndipo m'paipi iliyonse musiyemo waya wokokera. Chingwe cha intaneti chisagone m'paipi imodzi ndi waya wa magetsi. Kukamwa kwa paipi tsekaniko ndi pepala la thumba la simenti. Ine ndinaiwala imodzi ya kuchipinda cha ana, matope a pulasitala n'kulowa n'kuuma, mpaka tinachita kugumula khoma lopentedwa kale. Anyamata a pulasitala asanafike, jambulani makoma onse pa foni. Tsiku lokhoma msomali wa kateni mudzadziwa pomwe paipi inadutsa.

M'denga namo chingwe chisayende pamtunda. Makoswe sachedwa kuchitafuna.

Chingwe chake ndi cha mtundu wa Cat6, chomwe chimagulitsidwa m'bokosi la mamita 305. Chimodzi chisapitirire mamita 100, ndipo m'nyumba wamba simungafike n'komwe. Chenjerani ndi chotchipa cholembedwa CCA: mkati ndi aluminiyamu wongokutidwa ndi kopa, chimathyoka msanga ndipo sichinyamula bwino magetsi. Palani kawaya kamodzi ndi mpeni muli m'sitolo momwemo. Mukaona mkati moyera, chisiyeni. Kuseri kwa TV kokani zingwe ziwiri.

Wi-Fi yabwino nayo imadya za chingwe. Ndinaika access point (kachipangizo kofalitsa Wi-Fi) pasiling'i pakati pa kolido, ndipo chingwe chomwecho chimaipatsa magetsi kudzera mu switch ya PoE, choncho m'dengamo simufunika soketi. Nyumba ikakhala yaitali kapena yokhota, konzerani malo awiri. Ubwino wina ndi wakuti magetsi akathima, UPS (batire yosunga magetsi) imodzi m'kasitolo muja, kapena invetala ya sola, imasunga intaneti ya nyumba yonse.

Musaiwale khomo lolowera intanetiyo. Lero mwina ndi rauta ya 4G ya Airtel kapena TNM, mawa faiba (chingwe cha ulusi wa galasi) kapena intaneti ya setilaiti ya Starlink, yomwe inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023. Siyani paipi ya 32mm yopita kudenga, ndi ina yapansi yolunjika kugeti. Polumikiza boizikota ndingasankhe faiba, yomwe sinyamula magetsi, poti mphezi ya m'dzinja imatha kutsata chingwe cha kopa chodutsa panja n'kuwotcha switch.

Siling'i asanaitseke, yesani chingwe chilichonse ndi katesita, mulembe nambala ku nsonga zonse ziwiri. Ndalama zikakhala kuti zathera ku simenti, monga zinanditherera ine, ikani mapaipi ndi timabokosi tokha n'kutsekapo ndi zivundikiro. Zingwe za zipinda ziwiri ndinadzakoka patatha chaka, Loweruka limodzi, ine ndi mphwanga, osakhudza khoma.