Kuyenda m'mapiri a ku Joni nthawi yozizira: mmene mungayambire ndi gulu

Abale anga a kuno ku Joni, June ikangofika ambirife timadziwa njira ziwiri basi, ya kuntchito ndi ya m'bulangete, tsiku la ofu ndiye ndi hita pafupi, tiyi, foni m'manja mpaka dzuwa kulowa. Komatu nthawi yabwino yoyenda m'tchire kuno ndi yomweyi, kuyambira May mpaka August. Mvula kulibe, mphenzi za masana zija zimaopsa mu December kulibe, matope kulibe, udzu wauma wagwa moti njira ukuiona patali, kumwamba kuli mbee tsiku lonse. Chongofunika ndi kudziwa kuzizira kwa kuno mmene kumachitira, komanso osapita nokha.

Za gulu ndiye ndiyambire pomwepo chifukwa popanda gulu ine sindingakulimbikitseni olo pang'ono. Nkhani zoberedwa m'njira za m'tchire kuno zimamveka ndithu, munthu uli wekha kapena muli awiri mafoni ali m'manja ndiye kuti mwangodzipereka, pomwe mukakhala khumi kapena kuposa atsotsi amangokuonerani patali. Ndipo si akuba okha ayi, wina akabinya mwendo pamwala pamafunika wokhala naye ndi ena awiri opita kukaitana thandizo, n'chifukwa chake oyenda m'mapiri amati musachepere anayi. Magulu alipo ambiri, pali Johannesburg Hiking Club yomwe inayamba kale mu 1931, pali ena ang'onoang'ono omwe mungawapeze pa Facebook, kapena mungoyamba ndi anzanu a kutchalitchi kaya a chipereganyu bola pakhale mmodzi woidziwa njirayo, osati nonse alendo kumadalira foni. Musanalembetse dzina funsani mtsogoleri mosachita manyazi kuti ndi makilomita angati, chitunda chake n'chotani, polowa ndi ndalama zingati ndipo amalandira khadi kapena kashi chifukwa mageti ena kashi salandira, ndipo mukumana kuti nthawi yanji. Mtsogoleri amene akungoyankha kuti "ndi pafupi, musadandaule" ameneyo mumukayikire.

Ulendo woyamba musadzionetse mphamvu. Makilomita 5 mpaka 8 akwana. Ndikudziwa amwene mukuti kumudzi mumayenda wapansi kuchokera ku Lizulu mpaka kwanu osapuma, zoona, koma Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, kuposa tawuni ya Dedza, pomwe Lilongwe ndi Blantyre zangopitirira pang'ono 1,000. Mpweya wake ndi wopepuka komanso wouma, ukayamba chitunda umamva mtima ukugunda m'makutu, makamaka amene mwangofika kumene kapena mumagwira ntchito yokhala pansi. Gulu m'mapiri limayenda makilomita atatu pa ola mukawerengera zopuma ndi zojambulana, ndiye makilomita 9 ndi maola atatu amenewo.

Tsopano zovala, apa ndi pomwe anthu ambiri amaphonya. Kuzizira kwa kuno si kwa chiperoni cha ku Thyolo kapena Mulanje komwe nkhungu ndi kamvula kowaza zimakhala tsiku lonse. Kuno m'ma 7 koloko m'mawa kumatha kufika madigiri 2 kapena 3, m'zigwa mpaka pansi pa ziro, udzu utachita kuyera ndi chisanu ukaponda ukulira khirichi khirichi, zala zitauma moti zipi ya chikwama ikukukanika. Koma pofika 11 koloko dzuwa lakwera, madigiri 16 kaya 18, iwe ukukwera phiri thukuta kamukamu. Amene wavala chijekete chimodzi chachikulu chija cha pa geti usiku amavutika kawiri, akachivala akupsa, akachivula akunjenjemera, ndiye n'kuchinyamulanso m'manja ulendo wonse. Valani zopyapyala zingapo zosanjikiza. M'kati sikipa yosasunga thukuta, ngati jezi za mpira zija, osati ya thonje chifukwa thonje likanyowa limakhala lonyowa ndipo mukaima pamwamba mphepo ikuwomba ndi pomwe kuzizira kumakulowani. Pamwamba pake kajuzi kopepuka, kenako kajekete kotchinga mphepo koti mutha kukapinda kulowa m'chikwama. Kachipewa koluka kophimba makutu ndi magolovesi a m'mawa, kapusi ya masana. Ndipo muvule musanayambe kutuluka thukuta, osadikira kuti munyowe kaye, mukaima kuti mudye valaninso msanga musanazizidwe.

Zonsezi sizofuna kukawononga malipiro a mwezi. Pa kaunjika wa m'tauni, yemwe kuno amati dunusa, majuzi ndi majekete otere amakhala mbwee, PEP ndi Mr Price nakonso zilipo. Jinzi ngati mungathe isiyeni, imalemera ndipo imakwecha m'ntchafu, thilakisuti kapena buluku lopepuka ndi bwino. Azimayi chitenje tengani ndithu koma chikhale m'chikwama, chimathandiza poyala pansi nthawi ya nkhomaliro kapena kufunda mphepo ikavuta, koma pokwera miyala chimakola miyendo.

Nsapato zokha musachite nazo masewera. Simukufunika mabuti odula ulendo woyamba, mateki olimba omwe kunsi kwake mano akadalipo akwana, chifukwa nthawi ino njira zimakhala ndi timiyala totayirira ndi fumbi ndipo potsika ndi pomwe anthu amaterereka n'kukhala pansi mosafuna. Nsapato yatsopano yongochotsa m'bokosi ayi, muyambe mwaiyendera sabata imodzi kaya ziwiri, apo ayi matuza. Masefite buti a kuntchito aja ali ndi chitsulo kutsogolo ena amabwera nawo, amafika ndithu koma potsika zala zimalira. Wengani zikhadabo dzulo lake. Masokosi akhale okhuthala, ndipo dziwani kuti pobwera adzakhala atadzaza chisoso, inde chisoso chomwechi timadya kwathu chija, kuno chili paliponse ndipo nthawi ino chauma, timinga take timakakamira m'masokosi ndi m'zingwe za nsapato moti umakhala pa geti kumazula kamodzikamodzi anzako akukuseka.

Madzi malita awiri munthu mmodzi, osati botolo limodzi banja lonse. Kukazizira ludzu silimveka koma mpweya wouma uja ukukuyamwa madzi mwakachetechete, umangozindukira mutu wayamba kuwawa, ndiye imwani pang'onopang'ono olo musakumva ludzu. Madzi a m'mitsinje ya kuno musayerekeze, Jukskei ndi Hennops imalowa zonyansa za m'masuweji, olo aoneke oyera bwanji pamwala. Vaselini wa milomo m'thumba, mafuta oteteza ku dzuwa nawonso, zoti khungu lakuda silipsa zisiyeni, pamtunda ngati uno dzuwa la masana limaluma olo mu July. Chakudya ndi chomwe muli nacho kale: mbatata yophika, mazira owiritsa, buledi wa chiponde, mtedza wokazinga, nthochi, ndipo manachesi ino ndi nyengo yake amatchipa m'misewu monse. Fulasiki ya tiyi ndi yolemera koma pamwamba pa phiri aliyense amakhala mnzako. Nsima ya m'mawa kwambiri ndiye ayi, mudzagona pa chitunda choyamba. Mowa dikirani mutsike. Makoko a manachesi ndi mapepala zibwerere m'chikwama.

Kopita kulipo kosafuna ulendo wautali. Kummwera kuli Klipriviersberg Nature Reserve, cha ku Mondeor ndi Kibler Park, mahekitala pafupifupi 700 a mapiri ndi zigwa, muli mbidzi ndi nyumbu zikungodya udzu nyumba za anthu zikuoneka poteropo, komanso mipanda yakale ya miyala ya midzi ya Atswana omwe ankakhala kumeneko mzindawu usanabadwe mu 1886. Kwa oyamba kumene ine ndimakonda kumeneku chifukwa njira zilipo zazifupi ndi zazitali, wotopa atha kubwerera ndi mnzake osasokoneza gulu. Melville Koppies ili m'kati mwenimweni mwa tauni pafupi ndi Emmarentia, mbali yapakati amatsegula Lamlungu m'mawa, ndipo muli ng'anjo yakale yosungunulira chitsulo yomwe anaifukula mu 1963, ukaima pamwamba nyumba zitalizitali za m'tauni ndi nsanja ya Hillbrow zili apo. The Wilds ku Houghton ndi yaing'ono, yabwino kuyeserapo miyendo ndi ana.

Koma nthawi yozizira malo oti musaphonye ndi Walter Sisulu National Botanical Garden ku Roodepoort. Kuli mathithi a Witpoortjie otalika mamita pafupifupi 70, ndipo pathanthwe pambali pa mathithiwo pali chisa cha ziwombankhanga zakuda zomwe zimaswa nyengo yomwe ino. Zimaikira mazira awiri koma kamwana kamakula kamodzi, kakakulu kamapha kakang'ono, mukamva anthu a makamera aataliatali akukambirana motsitsa mawu pa kapinga ndi nkhani imeneyo. Njira yokwera pambali pa mathithi ndi yaifupi koma ndi chitunda chenicheni, masitepe a miyala okhaokha, ndiye muziyenda ngati mwasenza thumba la chimanga kupita kuchigayo, phazi limodzi limodzi osathamanga, mukafika. M'mapiri onsewa ino ndi nthawi yomwe aloe amachita maluwa, tchire lonse lili lofiirira louma kenako ukungoona maluwa ofiira ngati moto pakati pa miyala, timbalame ta milomo yaitali yopindika tikumwa timadzi take. Miyendo ikazolowera ndiye muziganiza za Suikerbosrand cha ku Heidelberg, kapena Hennops njira ya ku Hartbeespoort komwe kuli milatho yolendewera, kapenanso Magaliesberg, koma kumeneko malo ambiri ndi a eni ake ndipo pamafunika chilolezo, n'chifukwa china gulu lokhazikika limathandiza.

Thiransipoti kambiranani Lachinayi osati Loweruka usiku. Mataxi a Lamlungu m'mawa amachedwa kudzaza ndipo ambiri safika pa geti penipeni, ndiye chosavuta ndi kukumana malo amodzi odziwika, garaji ya mafuta kaya pa mall, n'kusonkherana ya petulo kwa amene ali ndi galimoto kapena kugawana Bolt anthu anayi. Ya petuloyo perekani musanakwere, zoti ndikupatsani kumapeto kwa mwezi zimapha magulu. Ndipo nthawi ndi nthawi abale, akati 7 koloko ndi 7 koloko. Mu June dzuwa limatuluka cha m'ma 7 ndipo pofika hafu pasiti 5 lalowa, likangolowa kuzizira kumagwa nthawi yomweyo, ndiye ola limodzi lomwe anthu akudikira inu pa garaji ndi ola lochotsedwa kumapeto. Mtsogoleri wabwino amanena musananyamuke kuti ikakwana nthawi yakuti tikubwerera, tafika pamwamba kaya sitinafike, ndipo pasakhale mkangano.

M'njira muli kadongosolo kake. Kutsogolo mtsogoleri, kumbuyo kwenikweni munthu wina wamphamvu yemwe ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti palibe wotsala, wina aliyense pakati. Osadutsa wa kutsogolo, achinyamata ndikunena inu. Pamphambano iliyonse imani mpaka womaliza afike, ndipo akafika mupatseni mpata apume naye, osati iye akungofika inu n'kunyamuka, ameneyo sadzabweranso ndipo adzauza anzake kuti kumapiri n'kozunza. Mukafuna kupatuka kukadzithandiza uzani wa kumbuyo uja. Sipika ya nyimbo isiyeni kunyumba, anthu ena abwera kudzamva mbalame ndipo mbidzi zimathawa. Foni ikhale yodzaza ndipo muisunge m'thumba la m'kati chifukwa batire imatha msanga kukazizira, nambala ya ngozi pa foni ya m'manja ndi 112. Mapepala anu omwe mumayenda nawo masiku onse akulungeni m'kapulasitiki, mankhwala anu ngati muli ndi asima kaya shuga tengani ndipo mtsogoleri adziwe, si zochititsa manyazi.

Choopsa chenicheni cha nyengo ino ndi moto. Udzu wa kuno pofika July ndi wouma kheche, August ndiye kumabwera mphepo yamphamvu, kachidutswa ka fodya kamodzi phiri lonse lapsa. Osasuta m'njira, osakoleza moto wootha kapena wowotcha nyama kupatula pamalo omwe anakonzera zimenezo. Mukaona utsi kutsogolo musati tiyeni tikaone, bwererani. Moto umathamanga kwambiri pokwera phiri kuposa potsika, ndiye kuthawira kumtunda moto uli m'munsi mwanu ndi kulakwitsa, pitani cham'mbali, pa msewu, pathanthwe lopanda udzu kapena pa lupsa pomwe papsa kale. Njoka nthawi ino n'zochepa koma mphiri imakonda kuothera dzuwa panjira ndipo siithawa, muziyang'ana poponda ndi pogwira mukamakwera miyala.

Mukafika kunyumba musanadzigwetse pabedi dziyang'aneni nkhupakupa, kuseri kwa mawondo, m'chiuno momwe mumadutsa lamba, m'khwapa. Nthawi yozizira zimachepa koma komwe kuli nyama zilipo, ndipo ngati patatha masiku angapo mwayamba kutentha thupi, mutu, ndi kachilonda kakuda pomwe munalumidwa, pitani ku kiliniki mukanene kuti munali kutchire, musangoti ndi chimfine cha June n'kumwa panado.